Folo Koloko Yasanduka Fili

Folo koloko ikakwana, Willard ankatuluka. Lolemba mpaka Lachisanu, osaphonya. Jekete paphewa, makiyi a galimoto m'manja, foni m'thumba.

"Ndikawongoleko miyendo," ankatero.

Miyendo yake iti? Zelipa, mkazi wake, ankamuona pawindo la kukhitchini. Ankatsika masitepe. Kuzungulira kuseri kwa fulati yawo ya ku Hillfields. Kulowa m'galimoto, kutseka chitseko. Injini osaliza. Basi kukhala mmenemo, foni kumaso, mano onse pamtunda. Theka la ola. Nthawi zina kupitirira.

Bambo wa zaka makumi anayi, kuseka yekhayekha m'galimoto yozima. Kuseka kwake kuja kogwedeza mapewa. Zelipa anakumva komaliza ku Lilongwe. Kuno ku Coventry, m'nyumba, Willard sankaseka. Ankabwera kuchokera kuntchito kuweyahausi ya katundu thu koloko itapitirira, kudya, kugona pampando nsapato zili kuphazi. Koma folo koloko dzambatu, ngati wina wamutsina.

Dzina la mkazi womuganizira Zelipa anali nalo kale. Twambilile.

Nesi. Wamtali, wosakwatiwa, woimba kwaya kutchalitchi cha Amalawi ku Foleshill. Galimoto yakeyake, yonunkhira unyowani. Lamlungu lina atatuluka m'mapemphero, azimayi akudandaula za mashifiti, Twambilile anati, "Ine ndiye ndimapuma folo koloko. Buleki yanga ndi imeneyo, theka la ola." Ananena akuseka. Zelipa anatchera khutu. Folo koloko. Theka la ola. Ndipo tsiku lomwelo Willard anamunyamulira chibaketi cha mandasi mpaka kugalimoto.

"Zikomo, achimweneee."

Achimwene ake ati? Anabadwa nawo kuti?

Kuyambira pamenepo moni wa Twambilile ankamuyankhira m'mphuno. Mandasi ake anasiya kudya. Ankatola limodzi, kulitembenuza, kulibweza m'mbale anthu akuona.

Foni anaiyesapo, Willard ali kubafa. Nambala yotsegulira inali itasintha. Kale inali tsiku la ukwati wawo. Anayesa tsiku lobadwa la Willard. Yakana. Nambala ya galimoto. Yakana. Madzi anasiya kulira kubafa. Anaibweza patebulo mmene inalili.

Kufunsa sanafunse. Yankho ankalidziwa: "Mwayambapo, mayi a Mwai?" Kenako masiku atatu m'nyumba muli zii.

Dzina limenelo, mayi a Mwai, nalonso linkamubaya.

Mwai, Mwaiwathu, mwana wawo mmodzi yekhayo, anatsala ku Chilinde. Zaka khumi ndi zitatu, Sitandade 8. Ankakhala ndi Helen, mchemwali wake wa Willard. Zelipa ananyamuka yekha mu Seputembala zaka ziwiri zapitazo, kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Willard nthawi imeneyo anali pamsewu, akuyendetsa thiraki ya ku Beira. Anamutsatira patapita miyezi isanu. Mwana anati amutenga akakhazikika. Sanakhazikikebe.

Pabwalo la ndege Zelipa analonjeza. "Lamlungu lililonse, eyiti koloko madzulo, foni ya anti ako izilira. Kumeneko izikhala seveni. Ndafunsa kale."

Masabata oyamba zinayenda. Kenako, chisanu chitayamba, Helen anasiya kuyankha. Zelipa ankaimba seveni koloko yeniyeni. Foni kulira mpaka kudziduka yokha. M'mawa uthenga: "Anali atagona." Sabata linalo chimodzimodzi. "Anali atagona." Mtsikana wamkulu chonchija kugona eyiti koloko? Zitachitika kanayi, Zelipa anatumiza uthenga wa mawu. Wautali. Mawu amene akatuluka sabwerera. Anati Helen, poti wake alibe, akufuna kulanda wa eni. Helen sanayankhe. Kuchokera apo Mwai pafoni ndi "Ndili bwino, kaya inu," basi. Pa Khirisimasi, ndi pa tsiku lake lobadwa.

Ndiye mwana wapita. Mwamuna nayenso apite? Ayi. Uyu yekha Zelipa anati sam'taya.

Lamlungu lomaliza la Okutobala azungu anabweza mawotchi. Chaka ndi chaka amatero. Ola limodzi m'mbuyo chisanu chikamabwera, ola limodzi kutsogolo chikamapita. Foni imadzisintha yokha. Mawotchi apakhoma amafuna dzanja.

M'mawa umenewo Zelipa anali pashifiti ndi Chrissy, mnzake wa ku Lusaka, woyendetsa galimoto ngati akuthawa apolisi. Ankayenda nyumba ndi nyumba ku Foleshill, kusambitsa nkhalamba, kuzipatsa mankhwala. Mdala wina anali ndi mawotchi asanu ndi awiri. Anakana tiyi mpaka onse abwezedwe. Zelipa anakwera pampando, n'kumapotokola mivi ndi chala.

"Bantu ba kuno!" anatero Chrissy, atagwira mpandowo. "Dzuwa yabakana, manje bakalipila nkoloko."

Zelipa sanaseke. Mutu unali ku folo koloko ya mawa.

Koma mawalo folo sinadikiridwe. Fili koloko Willard anadzambatuka pampando. Jekete. Makiyi.

"Ndikawongoleko miyendo."

"Panopa?"

"Kukumada msanga masiku ano."

Zelipa anayang'ana wotchi ya pachitofu. Fili. Foni yake. Fili. Anapita pawindo. Galimoto yomweyo, mapewa omwewo akugwedezeka. Lachiwiri, filinso. Pofika folo koloko munthu anali atabwerera pampando, akuliza mkonono.

Lachitatu Zelipa analephera kupirira. Anali m'galimoto ya Chrissy pa Foleshill Road, akudya masamusa podikira nthawi ya nkhalamba yotsatira. Nkhani ya Twambilile Chrissy ankaidziwa kuyambira mu Juni, mpaka inamukwana.

"Wasintha buleki," anatero Zelipa.

"Ndani?"

"Nesi uja. Panopa akupuma fili."

"Wakuuza ndani?"

"A Willard akutuluka fili. Kuyambira Lolemba."

Chrissy anasiya kutafuna. "Mande? Mande yamene iyi?"

"Ee."

"Iwe Zeli, kusukulu unapita iwe?"

"Usandiyambe. Masamu ndinkakhala nambala wani ine."

"Nambala wani wa kuti? Nikufunse. Pa Sande tinachita chani kwa mdala uja?"

"Tinabweza mawotchi."

"Chipatala nayo inabweza. Tchalitchi inabweza. Mabasi, weyahausi, Coventry yonse inabweza. Nesi wako ngati apuma folo, apuma folo ya manje. Ba Willard sembe batuluka folo." Ananyambita chala. "Manje niuze. Ni kuti kwamene sibabweza nkoloko?"

Chrissy anapitiriza.

"Pamene kuno inali folo, ku Lilongwe inali faifi. Manje kuno fili. Ku Lilongwe?"

"Faifi."

"Faifi! Uyo muntu sali kuno, mama. Ali kwanu. Mande mpaka Fulaide, faifi koloko. Ni wa pa ofesi uyo. Akomboka ku nchito, atenga foni, 'Haloo dadi!'"

"Ndiye miyezi yonseyi..."

"Miyezi yonse iyi unali kukana mandasi ya muntu wosalakwa. Na ni yabwino, mandasi yake. Ine nimadya yako."

Chrissy anaseka mpaka kutsamwa. Zelipa anakulunga samusa yake m'pepala. Njala inali itatha.

Bwenzi mtima utagwa pansi. Sunagwe. Twambilile bola ankamuona. Ankadziwa msinkhu wake, wigi yake, malo ake m'kwaya. Ankatha kumuyang'ana ndi diso loipa Lamlungu lililonse, n'kubwerera kunyumba atapepukidwa. Uyu wa ku Lilongwe analibe nkhope. Ndiye Zelipa anayamba kum'pangira nkhope. Masana onse. Akusambitsa nkhalamba, akupukuta mbale, akulemba lipoti. Kalaliki uja wa milomo yofiira kukampani ya mathiraki, amene ankakonzera Willard mapepala a ulendo. Kapena wosintha ndalama wa paboda ya Dedza. Kapena wakale uja wa ku Area 23, amene anabwera ku ukwati wawo osaitanidwa, n'kuvina kuposa mkwatibwi.

Chimene chinkamuwawa kwambiri chinali olalo. Mwamuna kusuntha ola lathunthu chifukwa cha mkazi. Kulikumbukira yekha, osakumbutsidwa. Iyeyo Zelipa, Willard anamusunthirapo chiyani? Ngakhale mpando.

Lachinayi sanavule nsapato za kuntchito. Anaphika. Anadya. Willard anagona, anadzuka, anatenga jekete.

"Ndikawongoleko miyendo."

"Muiwongole bwino."

Anawerenga mphindi zisanu pawotchi ya pachitofu. Kenako anatsika. Kunja kunkawaza mvula yamawawa, ija yosamveka padenga koma yolowa mpaka m'mafupa. Anadzera kumabini a zinyalala, atawerama. Kuseka kunkamveka ngakhale magalasi anali otseka. Anakoka chitseko, kutsomphola foni.

"Ndiwe ndani iwe? Ulibe manyazi? Amuna atha ku Lilongweko?"

Kenako anayang'ana.

Pafoni panali nkhope ya mtsikana. Tsitsi lometa la kusukulu. Yunifolomu ya buluu. Kope pamiyendo, pensulo pakamwa. Kumbuyo kwake khoma la njerwa la kwa Helen, dzuwa la Okutobala likulimenya. Nkhope inali itatalika. Mphuno ya Willard. Chipumi cha Zelipa.

"Amami?"

Mvula inkagwera pagalasi la foni. Zelipa anaipukuta ndi chala, n'kupukuta tsaya la mwanayo.

"Lowani, mayi a Mwai," anatero Willard. "Mukunyowa."

Anazungulira, n'kulowa mbali inayo.

"Mwai. Uli bwanji?"

"Ndili bwino, kaya inu."

Zelipa anaphimba foni pachifuwa, n'kutembenukira kwa mwamuna wake. "Miyezi ingati?"

"Kuyambira Meyi."

"Osandiuza?"

"Anati ndisakuuzeni. Anati ndikangonena, asiya."

"Mwana wanga akuuzani inu kuti..."

"Mwana wathu."

"Ndikumvatu, amami," anatero mawu kuchokera pachifuwa.

Zelipa anaitembenuza foniyo. "Bwanji, Mwai? Ndinakulakwira chiyani ine?"

Mwai anayang'ana kumbali. Chilinde yense ankamveka. Minibasi ikuitanira a m'tauni. Wailesi ya oyandikana nawo. Wina akumenya chitsulo.

"Munati eyiti."

"Ndinkaimba! Lamlungu lililonse ndinkaimba. Anti ako ndi amene..."

"Munkaimba naini." Ananena mosakweza mawu, ngati akuwerenga pabolodi. "Anti ankandipatsa foni eyiti. Ndinkakhala nayo pakhonde mpaka hafu pasiti. Kenako ankati kagone, mawa sukulu. Foni ankaisiya patchaja kusitolo kwa a Mapopa, magetsi kwathu ankavuta. M'mawa tinkapeza mwaimba naini."

"Ayi. Ndinkaimba seveni ya kuno. Seveni kuno ndi eyiti ku..."

Anaima.

Mawu a Chrissy, samusa ali pakamwa. Kuno fili, ku Lilongwe faifi. Ndiye kuno seveni?

Chinali chaka chake choyamba. Anauzidwa ndithu kuti mawotchi abwerera. Anakondwa. Ola lina logona, munthu wotopa. Foni inadzisintha yokha. Seveni inakhalabe seveni. Zoti Chilinde sanasunthe naye, sizinam'fike m'mutu. Nambala wani wa masamu.

"Nanga anti ako bwanji sananene?"

"Sankadziwa zoti kumeneko mumasintha nthawi. Ankati mwina ntchito yachuluka. Kenako munatumiza uthenga uja."

"Unaumva?"

"Foni inali ndi ine."

Willard ankayang'ana chiwongolero ngati pali cholembedwa.

"Inu," anatero Zelipa, mawu atauma. "Inu munadziwa bwanji kuti muziimba fili?"

"Ine? Ndikanadziwira kuti? Bwenzi ndikuimba folo mpaka lero. Ndi iyeyu."

"Ndinafufuza pafoni ya anti," anatero Mwai. Anatembenuza kope, n'kulionetsa. Pachikuto cha kumbuyo panali masiku awiri, atazunguliridwa ndi bolopeni yofiira. "Lamlungu lomaliza la Okutobala. Lamlungu lomaliza la Malichi. Ndinawauza adadi Lachisanu kuti asaphonye."

Kuti asaphonye. Adadi.

"Ine bwanji sunandiuze?"

"Ndinadziwa mochedwa. Munali mutasiya kuimba."

Zelipa anayang'ananso masiku awiri aja pakope.

"Apatseni adadi foni," anatero Mwai. "Sitinamalize masamu. Anti aifuna hafu pasiti faifi."

Anaipereka. Koma sanatuluke. Anakhala pompo, yunifolomu yonyowa itamatirira pamsana, manja pamiyendo. Willard anatsokomola. Anakonza foni pachiwongolero.

"Tinali pati, bwana?"

"Nambala sikisi. Galimoto ikuyenda makilomita sikisite pa ola. Ulendo ndi makilomita thu handiredi sevente. Itenga nthawi yaitali bwanji?"

"Zimatengera. Marodibuloko alipo angati?"

"Adadi inu!"

"Nanga dalaivala sadya? Sapita kuthengo?"

Mwai anaseka. Kuseka kogwedeza mapewa, kwa bambo ake. Zelipa anali asanakumve zaka ziwiri. Kunali pafupi chonchi, mkono umodzi kuchokera pomwe anakhala. Koma sikunali kwake.

"Lemba maola folo," anatero Willard.

"Mukutsimikiza?"

"Ndayenda misewu ine."

Folo ndi hafu. Zelipa anadziwa funso lisanathe. Yankho linali pansonga ya lilime. Analimeza. Ndani wam'funsa?

Nsanje ya Twambilile inali yabwinoko. Imeneyo inali ndi kopita. Ukanatha kuipititsa kutchalitchi, kuiika pambale ya mandasi. Iyi inalibe kopita. Mdani wake anali mwamuna wake yemwe, atakhala apa, akulakwitsa masamu, mwana akumukonda choncho.

Foni itaduka anakhala kaye onse awiri, magalasi atachita nthunzi.

"Za eyiti ndi naini munkazidziwa?"

"Ndamva lero ngati inu. Ankangoti amami analonjeza."

"Nanga nambala ya foniyo?"

"Mwaiyesapo eti?" Willard anamwetulira pang'ono. "Tsiku lobadwa la Mwai."

Limenelo lokha sanaliyese.

"Ndiye mumaganiza ndani?" anafunsa Willard.

"Musandifunse."

"Amuna atha ku Lilongweko," anatero, mawu atawapyapyalitsa.

"Bambo a Mwai, ndikumenyani ndi nsapato."

Shifiti ya madzulo Chrissy anafunsa kawiri. Zelipa anangoti, "Yendetsa galimoto."

Lachisanu, kutatsala mphindi khumi kuti fili ikwane, Willard anadzuka. Jekete analipeza. Makiyi sanawapeze. Anafufuza patebulo, m'matumba, pansi pa mpando. Kenako anasuzumira pawindo la kukhitchini. Zelipa anali kale m'galimoto. Pampando wa dalaivala.

Willard anatsika, n'kukhala mbali inayo. Fili itakwana anaimba.

Anayankha ndi Helen, chikwama cha kuntchito chidakali paphewa. Anaona mchimwene wake. Kenako anaona amene anali pambali. Nkhope inauma.

"Alamu," anatero Zelipa.

"Alamu."

"Ndinalakwitsa wotchi."

"Ndamva."

"Ndi pakamwa pomwe."

Helen anamuyang'ana nthawi yaitali. Sanati chabwino. Sanati ayi. Anangotembenuka. "Mwai! Foni!"

Kunamveka masilipasi akuthamanga. Nkhope inatulukira, ikupuma mwawefuwefu. Maso anapita kwa bambo ake kaye. Kenako kumbali.

"Amami aliponso?"

"Alipo."

Mwai anakanda m'mutu ndi pensulo. "Adadi, nambala sikisi munandilakwitsa. Aphunzitsi athetha."

"Aphunzitsiwo anayendetsapo galimoto?"

"Ndi folo ndi hafu," anatero Zelipa.

Mwai anayang'ana m'kope. Anayang'ana amayi ake. "Munadziwa dzulo lomwe?"

"Ndinadziwa."

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Sunandifunse."

Pakona ya mlomo wa mwanayo panagwedezeka kenakake. Sikunali kuseka. Kunali pafupi. "Nambala seveni," anatero. "Koma adadi asayankhe."

Zelipa anagwira foni, n'kuikokera kwake pang'ono. Willard sanaisiye. Anaikokera kwake.

"Pakati, mayi a Mwai."

"Akufunsa ine."

"Foni ndi yanga."

"Ola ndi langa. Ndine ndinalitaya."

Anachita nambala seveni, eyiti ndi naini, foni ili pakati, aliyense atagwira mbali yake. Kawiri Mwai anaseka. Kawiri konseko chinamuseketsa chinali cha bambo ake. Zelipa anawerenga.

Hafu pasiti, mawu a Helen anamveka kutali, akuitanitsa foni. Mwai anatseka kope.

"Lolemba muimbe fili. Mpaka Malichi."

"Ndani?" anafunsa Zelipa msangamsanga. "Ine kapena adadi ako?"

Mwai anayang'ana uyu, anayang'ana uyo.

"Fili koloko," anatero, n'kudula.